Madzi Sasungunula Mafuta: Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Tsiku la Masewera Olimbitsa Thupi

 

Ndiyambe ndi kuthokoza a komiti pondiitana. Ine ndagwira ntchito ya unamwino zaka zambiri, ndipo anthu ochuluka ndinkakumana nawo atagona kale pabedi, BP itakwera, miyendo itatupa. Ndiye m'mawa uno kuona amayi amsinkhu wanga akudumpha, akuvina, thukuta lili kamukamu, mtima wanga wakhala pansi. Ndauzidwa kuti Loweruka lililonse mumafika pabwalo pano nkhuku zisanatsike. Dziombereni m'manja.

Kalata yondiitana inati ndidzalankhule za kuchepetsa thupi. Koma nditangofika, ndisanakhale n'komwe pampando, amayi atatu anandikokera pambali, aliyense payekha, funso lili limodzimodzi: "A Nesi, kodi ndizimwa madzi ochuluka bwanji kuti mimbayi ichoke?" Mmodzi mwa iwo anandionetsa chigubu cha malita 5, chija chinali cha mafuta ophikira, nati amachimaliza dzuwa lisanalowe chifukwa anamva pa WhatsApp kuti madzi amatsuka mafuta m'thupi. Mayi, sindikutchulani dzina, koma mwandithandiza. Zomwe ndinalemba papepala ndaziika m'chikwama, ndiyankha funso lanulo.

Madzi sasungunula mafuta. Aliyense amene anatsukapo poto wa nyama ya nkhumba ndi madzi okhaokha akudziwa zimenezi. Mafuta a m'thupi amachoka pamene thupi lagwiritsa ntchito mphamvu zambiri kuposa zomwe lalandira m'chakudya, likayamba kudya zomwe linasunga m'nkhokwe. Ndipo mungadabwe kumene amatulukira. Mu 2014 akatswiri awiri a ku Australia, Ruben Meerman ndi Andrew Brown, anawerengetsa napeza kuti munthu akataya makilogalamu 10 a mafuta, makilogalamu 8.4 amatuluka ngati mpweya womwe timapuma, ndipo 1.6 okha ndiwo amatuluka ngati madzi. Ndiye kuwefuka mumawefuka pokwera chitunda chija ndiye khomo lenileni la mafuta, osati kuthamangira kuseri kakhumi patsiku.

Nanga madzi alibe ntchito? Ali nayo, ndipo ndi yooneka. Mu 2010 ofufuza a pa yunivesite ya Virginia Tech ku America anatenga anthu achikulire onenepa, onse n'kuwachepetsera chakudya mofanana. Gulu limodzi analiuza kuti lizimwa theka la lita ya madzi lisanayambe kudya, m'mawa, masana ndi madzulo. Patatha masabata 12, omwa madzi aja anali atatsika ndi pafupifupi makilogalamu 2 kuposa anzawo. Mu 2015 enanso ku Birmingham ku England anayesa zofanana, madzi akumwedwa mphindi 30 chakudya chisanafike, ndipo kusiyana kunali makilogalamu 1.3. Tamvetsetsani manambalawo. Si zozizwitsa ayi: kilogalamu imodzi kapena awiri m'miyezi itatu. Chomwe chimachitika n'chakuti m'mimba mukakhala kale madzi, munthu amene amamaliza mitanda itatu ya nsima amapezeka wasamba m'manja pa mtanda wachiwiri.

Koma phindu lalikulu la madzi lili pena, ndipo pamenepa ndikhalitsapo chifukwa ndi pamene ambiri timagwera. Madzi amathandiza chifukwa cha zomwe alowa m'malo mwake. A Wapampando, mundikhululukire, ndinu amene mwandiitana, koma taonani patebulo lathu la alendo pano. Mwatiikira mabotolo a zoziziritsa kukhosi, ofiira, achikasu, akuda, ndipo madzi ndachita kupempha. Sindikukudzudzulani, ndi ulemu wathu umenewu: mlendo sapatsidwa madzi okha, angamati tamunyoza. Koma zambiri mwa zakumwa zimenezi, botolo laling'ono la mamililita 300 limakhala ndi shuga wokwana magalamu pafupifupi 30. Amenewo ndi masupuni a tiyi 7 kapena 8. Ndani wa inu angakhale pansi n'kubwira masupuni 8 a shuga? Palibe. Koma akakhala m'botolo lozizira timamwa awiri paukwati, lachitatu n'kuika m'chikwama. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2015 kuti shuga wotereyu munthu wamkulu asamapyole masupuni pafupifupi 12 patsiku, ndipo kungakhale bwino koposa atamalekezera pa 6.

Tsono werengani tsiku la mayi wa kwathu kuno. M'mawa tiyi wa masupuni anayi, mwina makapu awiri chifukwa mbatata yauma kukhosi. Cha m'ma 10 koloko thobwa lothira shuga. Masana kwatentha, botolo limodzi pagolosale. Madzulo ana asungunula juwisi m'jagi, amayi alaweko. Dzuwa likamalowa masupuni apyola 20, ndipo mayiyo akulumbira kuti lero sanadye kanthu. Akunena zoona, sanadye. Wamwa. Vuto la shuga wakumwa ndi lakuti sakhutitsa: nsima ukadya umamva kuti wadya, koma botolo likatha njala imakhala ili pomwepo. Chakomachakoma pusi anagwa chagada. Abambo musaseke, mowa nawo uli m'gulu lomweli, ndipo mimba zina zomwe ndikuziona apa sizinabwere ndi nsima.

Tsopano ku funso lenileni, madzi angati? Ambiri munamva kuti makapu 8 patsiku. Mu 2002 dokotala wina wa impso ku America, Heinz Valtin, anafufuza komwe lamulo limeneli linachokera ndipo sanapeze umboni wa sayansi woliikira kumbuyo. Anaganiza kuti mwina linachokera ku malangizo a mu 1945 omwe ankati munthu amafunika malita 2.5 patsiku, koma anthu anaiwala chiganizo chotsatira, chomwe chinkati ambiri mwa madzi amenewo ali kale m'chakudya. Ngakhale mabungwe akuluakulu sagwirizana nambala imodzi. La ku Ulaya loona za chakudya linati mu 2010 mayi amafunika malita 2, bambo 2.5. La ku America mu 2004 linati mayi 2.7, bambo 3.7. Onsewo akuwerengera pamodzi madzi akumwa, tiyi, phala, msuzi, ndiwo zamasamba ndi zipatso. Nkhaka ndi mavwende, mwa magawo 100 alionse, opitirira 90 ndi madzi.

Ndiye tikachotsera za m'chakudya, poyambira pabwino ndi apa: mayi makapu 6 kufika 8, bambo makapu 8 kufika 10, kapu yake ija ya mamililita 250. Kwa amene simukonda kuwerenga makapu, tsukani bwino botolo lija la Sobo la malita 2, mulidzaze m'mawa, muzimwa pang'onopang'ono, makapu awiri musanadye chakudya chilichonse. Likatha madzulo mwachita bwino. Likatsala pang'ono tsiku lozizira, simunalakwire munthu.

Ndati poyambira, chifukwa manambala aja anawerengera munthu wa kumalo kosatentha kwambiri, wosagwira ntchito ya kalavulagaga. Munthu wokhala mu ofesi ku Dedza mwezi wa Juni sangafanane ndi wolima ku Nsanje kapena ku Chikwawa mwezi wa Okutobala, kumene kutentha kumafika madigiri 40. Wogwira ntchito yolemetsa padzuwa lotero atha kutaya lita yathunthu ya thukuta pa ola limodzi. Wa kabaza, woumba njerwa, wosenza matumba pamsika, ndi inu mukatha masewera anuwa, onjezerani. Mayi woyembekezera aonjezere kapu imodzi, woyamwitsa makapu atatu, ndipo kuyembekezera si nthawi yofuna kuchepetsa thupi.

Muyezo wosanama uli nawo aliyense. Mafumu anga, apongozi amene muli pano, pepani nditchula mawu osatchulidwa pagulu, unamwino unatichotsa manyazi. Yang'anani mkodzo wanu. Ukakhala wachikasu chotuwa, madzi akukwana. Ukakhala wodera ngati tiyi wopanda mkaka, wochepa, wafungo lamphamvu, imwani. Ukakhala woyera mbee tsiku lonse, usiku n'kumadzuka kanayi, mwapyoza.

Kupyoza kumeneku si nkhani yoseka. Impso za munthu wathanzi zimatha kutulutsa madzi pafupifupi lita imodzi pa ola. Mukathira oposa pamenepo mofulumira, mchere wa m'magazi umasungunuka n'kuchepa, ubongo umatupa. Zimayamba ndi mutu, nseru, kusokonezeka, kenako kukomoka. Mu 2007 ku Sacramento, m'chigawo cha California, wailesi ina inachititsa mpikisano womwa madzi ambiri osapita kokataya. Mayi wina wa zaka 28, wa ana atatu, anamwalira tsiku lomwelo. Madzi abwinobwino akumwa. Ndiye mayi anga a chigubu aja, malita 5 okakamiza tsiku ndi tsiku, mutakhala pamthunzi, sakuchotserani mimba. Akungokulanditsani tulo.

Palinso ena amene malangizo angawa sakuwakhudza. Ngati muli ndi matenda a impso kapena a mtima, kapena miyendo imatupa ndipo munapatsidwa mapiritsi ochotsa madzi m'thupi, muyezo wanu akuuzeni ndi adokotala anu, osati ine kapena gulu la pa WhatsApp. Ndipo ngati mukumva ludzu losatha, mukukodza pafupipafupi, thupi likutsika lokha musanachite kanthu, musasangalale kuti masewera agwira ntchito. Pitani mukayezetse shuga sabata yomweyi. Ndinaonapo bambo wina akunyadira kuti lamba wasuntha mabowo atatu, pamene anali matenda a shuga akumudya.

Za madzi ofunda a mandimu m'mamawa sindichedwapo. Ngati akukomerani imwani, bola osathira shuga kapena uchi, koma mafuta sawakhudza. Chomwe ndikuchenjezeni ndi matiyi aja ogulitsidwa kuti ndi ochepetsa thupi. Ambiri ntchito yake ndi kutsegula m'mimba kapena kukodzetsa. Sikelo imatsikadi, koma chomwe chatuluka ndi madzi, ndipo amabwerera pakatha masiku awiri, ndalama zanu zitapita. Ngakhale inu amene mwachepetsa nsima moyenera, dziwani kuti makilogalamu othamanga a sabata yoyamba ambiri amakhala madzi. Sabata yachitatu sikelo ikayamba kuyenda ngati kamba, musataye mtima, ndi pamene mafuta enieni ayamba kusuntha. Theka la kilogalamu pa sabata ndi liwiro labwino.

Ndikudziwa kuti nkhaniyi ili ndi minga kwathu kuno. Tinakula tikumva kuti mkazi wonenepa ndiye akusungidwa bwino, bambo wa mimba ndiye bwana. Ndipo tonse tikukumbuka zaka zija pamene munthu akangowonda anthu ankanong'onezana kuseri. Mantha amenewo sanathe, alipo amayi amene amaopa kuchepa thupi chifukwa cha pakamwa pa anzawo. Koma kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lino wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti amayi 21 mwa 100 alionse azaka 15 mpaka 49 anali onenepa kupyola muyezo, ndipo m'matauni anali 36. Kumbuyo kwa manambala amenewo kukubwera BP, shuga ndi mawondo okana kukwera basi. Mnzanu akayamba kuchepa thupi chifukwa amabwera pabwalo pano, mulimbikitseni, musamujede.

Chomaliza, madzi ake akhale otetezeka. Kolera yomwe inayamba mu Malichi 2022 inatenga anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo ena mwa inu munaika abale. Sikungakhale kwanzeru kuthawa shuga n'kukagwera m'matenda otsegula m'mimba. Madzi a pachitsime kapena a kumtsinje awiritseni kapena thiranimo klorini, musunge mu ndowa yovundikira, ndipo kapu yotungira isakhale yomwera. Botolo lomwe mumayenda nalo muzilitsuka ndi sopo tsiku lililonse. Sikuti mpaka mugule madzi a m'sitolo, a pampopi ndi a pamjigo osamalidwa bwino akwanira.

Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndiye ndikhale pansi. Koma ndisiye pempho kwa a komiti. Mwambo wotsatira, ndi maukwati, zinkhoswe ndi misonkhano ya mpingo yomwe mudzakonze, muike ndowa ya madzi abwino ndi makapu oyera pamalo oonekera, patsogolo pa makireti. Ndipo inu nonse, kuyambira mawa lomweli, chotsani supuni imodzi ya shuga mu tiyi wanu, mumwe makapu awiri a madzi nsima isanafike. Mukadzandiitananso pakatha miyezi itatu, ndidzabwera ndi sikelo yanga.