Mwana Wobadwa Masiku Asanakwane

Aphunzitsi anzanga, ndilankhula za mwana amene kawirikawiri timuyesa waulesi.

Mimba ikhwima pa masabata 40, ndipo wobadwa masabata 37 asanakwane ndiye wobadwa msanga. Ambiri otere akula bwino ndithu. Koma ena, makamaka obadwa pa miyezi 7, akafika ku sukulu abvutika ndi masamu, maganizo ao sakhazikika, ndipo akhala cete pakati pa anzao. Popeza sasokosa, ife sitiwaona kufikira tsiku la mayeso. Pamenepo tithamangira cikoti.

Cikoti sicidzamphunzitsa mwana wotere. Polembetsa mwana, funsani amace mwaulemu za kubadwa kwace, ndipo muwafunse padera, pakuti nkhani za ucembere sizinenedwa pagulu. Mukamva kuti anabadwa msanga, mkhazikeni kutsogolo pafupi ndi bolodi, cifukwa ena a iwo saona kapena kumva bwino. Mukakayika, pemphani makolo apite naye ku cipatala. Muuzeni cocita cimodzi pa nthawi imodzi. Powerengera, mloleni agwire timiyala kapena timitengo tace, ngakhale anzace anazisiya kale.