NKHUNGU YOPHA DZOMBE NDI MBOZI: MSILIKALI WOSAPUPULUMA

(Awa ndi mawu amene mnzathu wina, yemwe amagwira ntchito m'boma, analankhula pa msonkhano wa nthambi ya Lilongwe ya bungwe lathu, umene unachitikira ku Area 13.)



Ngakhale tavala mataye, palibe pano amene alibe munda kumudzi. Nchifukwa chake ndasankha kulankhula za adani a mbewu zathu, ndipo ndiyamba ndi kuulula tchimo langa.

Kumayambiriro kwa chaka cha 2017 amayi anga anandiimbira foni kuti chimanga chatha ndi mbozi zachilendo, zija tikuzitcha ntchemberezandonda. Ine ndinachita zimene ambiri a ife timachita: ndinatumiza ndalama, nkubwerera ku mafayilo anga. Mphwanga anakagula mankhwala pamsika, m'botolo lopanda dzina. Anapopera dzuwa lili paliwombo, wopanda chophimba pamphuno, ndipo anagona masiku awiri akusanza ndi kumva mutu. Patangopita milungu itatu mbozi zija zinali zitabwereranso. Mu December chaka chomwecho Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti maboma 20 ali pangozi chifukwa cha mbozi zomwezi. Kuyambira pamenepo ndakhala ndikudzifunsa ngati palibe njira ina yosaika moyo wa mphwanga pachiswe.

Njira zilipo zingapo, koma lero ndinenapo imodzi. Nonse mukuidziwa nkhungu, ena amati nguwi, imene imamera pa nsima yogona kapena pa buledi wokhalitsa. Nkhungu ndi mbale wake wa bowa, ndipo ilipo ya mitundu yambirimbiri. Ina ndi yoipa, monga chuku wa mtedza. Koma ilipo ina imene chakudya chake ndi tizilombo basi. Njere zake nzazing'ono ngati fumbi. Kanjere kakagwera pathupi la chiwala kapena mbozi, kamamera, nkuboola khungu, nkuyamba kuyanga m'kati mwa thupi. Pakapita masiku ochepa kachilombo kaja kamafooka, kamachepetsa kudya, kenaka kamafa. Kukakhala chinyezi nkhungu ija imatulukira kunja kwa mtembowo ndi kubala njere zina, zobiriwira kapena zoyera, zimene zimakagwiranso tizilombo tina. Apa kungokhudzana ndi njerezo nkokwanira.

Nzeru imeneyi siyalero. M'chaka cha 1835 Agostino Bassi wa ku Italy anaonetsa kuti matenda amene ankapha mbozi zopanga ulusi wa silika ankayamba ndi nkhungu, ndipo nkhunguyo inatchedwa Beauveria bassiana pomukumbukira. Mu 1879 katswiri wa ku Russia, Elie Metchnikoff, anafotokoza za ina yobiriwira, imene tsopano timaitcha Metarhizium. Lero alimi a nzimbe ku Brazil amapopera Metarhizium m'minda ikuluikulu ngati chinthu chachizolowezi.

Kuno ku Africa nkhaniyi inakula chifukwa cha dzombe. Agogo athu ankasimba za dzombe lofiira limene linasakaza maiko ambiri a chigawo chino kuyambira 1930 mpaka 1944. Mliri umenewo ndiwo unachititsa kuti pakhale ntchito yolondera dzombe, imene masiku ano ili m'manja mwa bungwe la IRLCO-CSA. Likulu lake lili ku Ndola m'dziko la Zambia, ndipo Malawi ndi membala. Ena mwa malo amene bungweli limayang'anira ndi athu omwe: madambo a nyanja za Chilwa ndi Chiuta, ndiponso dambo la Mpatsanjoka ku Salima.

Tsono taganizani za Chilwa. Kumeneko ndiko kumachokera matemba. Kuli mpunga, kuli ng'ombe, kuli mbalame zam'madzi zosawerengeka, ndipo mu 1996 nyanjayi inalembedwa m'kaundula wa Ramsar wa madambo ofunika padziko lonse. Ndege ikamwaza poizoni pamalo otere, sasankha kuti uyu ndi dzombe, iyi ndi njuchi. Komanso tisaiwale kuti kwathu kuno dzombe ndi ndiwo. Mayi akapeza dzombe litagwa mbwee m'mawa, amatola, osadziwa chimene chaligwetsa.

Pofuna kuthetsa mavuto otere, mu 1989 akatswiri a mabungwe a CABI ndi IITA pamodzi ndi anzawo anayamba ntchito yofufuza yotchedwa LUBILOSA, imene inatha mu 2002. Iwo anatenga nkhungu ya Metarhizium acridum, imene inapezeka pa chiwala ku Niger, ndipo anatulukira kuti njere zake zikasakanizidwa ndi mafuta m'malo mwa madzi zimagwira ntchito ngakhale kumalo ouma. Mankhwala amoyowa anawatcha Green Muscle. Magalamu pafupifupi 50 amakwanira hekitala yonse. Amapha dzombe ndi ziwala, koma sapha nsomba, mbalame kapena njuchi. Mu 2009, pamene dzombe lofiira linaopseza Tanzania, Malawi ndi Mozambique, bungwe la FAO ndi IRLCO-CSA anapopera Green Muscle pa mahekitala pafupifupi 10,000 m'dera la Iku-Katavi ku Tanzania, komwe kuli nyama zakutchire. Mu 2020 nkhungu yomweyi inagwiritsidwanso ntchito kwambiri ku Somalia polimbana ndi dzombe lam'chipululu.

Amayi ndi abambo, ndisakunamizeni kuti msilikali ameneyu alibe chilema. Chilema chake chachikulu ndi kuchedwa. Poizoni amagwetsa dzombe tsiku lomwelo, pamene nkhungu imatenga mlungu umodzi, iwiri, nthawi zina itatu. Mlimi amene wapopera lero, mawa nkupeza tizilombo tikuyendabe, amati wabetsa ndalama. Chachiwiri, popeza nchinthu chamoyo, chimafa chikasungidwa potentha, ndipo dzuwa lamphamvu limaononga njere zake. Nchifukwa chake popopera mbewu ndi bwino kudikira madzulo, ndiponso osasakaniza ndi mankhwala ophera matenda a nkhungu pa mbewu. Chachitatu, nkhungu iliyonse ili ndi tizilombo take. Ya dzombe ija siingathandize pa ntchemberezandonda.

Mwayi wake ngwakuti mbozi zimenezi nazo zili ndi nkhungu yozipha, monga Metarhizium rileyi, imene imapezeka yokha m'minda nyengo ya chinyezi. Mukapeza mbozi yakufa itauma gwa pa tsamba la chimanga, itayera ngati yagwa mu ufa kapena itabiriwira, dziwani kuti mnzathu uja wadutsapo. Musaitaye kunja kwa munda, pakuti ndiyo mbewu yophera zinzake.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Koma kudekha kumatheka ngati wayamba msanga. Nkhungu imathandiza mbozi zikadali zazing'ono ndiponso dzombe lisanamere mapiko. Ukadikira kuti munda uyambe wang'ambikang'ambika, palibenso nthawi, ndipo umathamangira botolo lopanda dzina lija. Apa ndi pamene ine ndinalakwa mu 2017. Ndalama ndinatumiza, koma sindinafunsepo ngati pali amene amayendera munda.

Choncho ndili ndi mapempho atatu. Loyamba, chimanga chikangomera tiziwakumbutsa abale athu kuti aziyendera munda mlungu uliwonse, kusuzumira m'nsonga za chimanga, kuphwanya mazira ndi kuitana mlangizi wa zaulimi zinthu zisanafike poipa. Lachiwiri, tisanatumize ndalama ya mankhwala tizifunsa dzina lake, ndiponso ngati ndi ovomerezeka ndi bungwe la Pesticides Control Board. Mankhwala amoyo nawonso ayenera kudutsa pakhomo lomwelo. Lachitatu likupita kwa inu a Wapampando. Takhala tikusonkha ndalama za malata ndi mabuku. Ndikupempha kuti chaka chino tipatuleko pang'ono zothandizira munda wa sukulu yathu, kuti mphunzitsi wa zaulimi athe kupita ndi ana ku Chitedze kapena ku Bunda, akaone zinthu zimenezi ndi maso awo ndi kufunsa akatswiri. Paja nkhanga zinapangana kusanapse.

Mphwanga uja anachira, ndipo tsopano ndi iye amene amandiimbira foni kundiuza zimene wapeza m'munda. Ine ntchito yanga ndi kumugulira mayunitsi.