Madzi saiwala khwawa: mawu omwe anayankhulidwa pa msonkhano wa kalabu yathu



Ambirife tikulakalaka kudzagula kapuloti, ena makolo anakugawirani kale malo. Ndiye musanakumbe faundeshoni, yambani mwadzifunsa funso ili: mvula ikagwa, madzi amadzera pati pamalowa?

Mvula ikagwa pamalo a mitengo ndi udzu, masamba amachepetsa mphamvu ya madontho, mizu imagwira dothi, ndipo madzi ambiri amalowa pansi. Dambo nalo limasunga madzi n'kumawatulutsa pang'onopang'ono, n'chifukwa chake zitsime zoyandikana ndi dambo siziphwa msanga. Koma tikadula mitengo, n'kukwirira dambo, n'kuthira simenti bwalo lonse, madziwo amasowa polowera. Amathamanga onse nthawi imodzi, ndipo amene amalira ndi mnansi wathu wakumunsi.

Tonse tikukumbukira Malichi 2023, pomwe namondwe wa Freddy anafika ku Blantyre. Matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukokolola nyumba ku Chilobwe ndi ku Manja. Mvula ija inali yoopsa, palibe akanailetsa. Komabe phirilo linali litatha mitengo, ndipo nyumba zina zinali m'njira za madzi. Sindikunena izi podzudzula omwe anataya abale awo, ayi. Ambiri anamanga kumeneko chifukwa malo abwino m'tauni ndi odula. Ndikungofuna kuti ife tisadzalowe m'tsoka lomwelo.

Choncho puloti muzikaiona m'dzinja, mvula itangokata, osati mu Okutobala pamene paliponse pamaoneka pouma. Mukaona bango, mlulu kapena dothi lakuda lamakande, dziwani kuti pamenepo pamakhala madzi. Wogulitsa adzakuuzani kuti "pano madzi safika," poti akufuna ndalama. Inu kafunseni agogo amene akhala m'deralo zaka zambiri, kenako mukafunsenso kukhonsolo ngati malowo ndi ololedwa kumangapo.

Mukagula, musayambe n'kulambula zonse. Mkuyu kapena katope mukamupeza m'mbali mwa mtsinje, musiyeni, nyumba ndiyo isunthe. Kakhwawa kakadutsa pa puloti yanu, musakatseke ndi mpanda wa njerwa. Madzi saiwala khwawa: adzagwetsa mpandawo, apo ayi adzalowa m'nyumba ya mnzanu. Siyani mbali ina ya bwalo ikhale ya kapinga. Pamalo otsetsereka dzalani udzu wa vetiva m'mizere yopingasa, ndipo madzi a padenga muziwakolola m'thanki kapena m'dzenje la kudimba.

Tinenenso chilungamo, anzanga. Ena mwa ife timapeza ya sopo poumba njerwa m'dambo kapena kukumba mchenga mumtsinje. Ndikudziwa kuti ntchito ikusowa. Koma gombe likagumuka, mlatho womwe timadutsira popita kusukulu ndi kumsika umapita nalo limodzi. Nkhani imeneyi tiikambirane mosabisa mawu pa msonkhano wamawa.

Pempho langa ndi ili: mvula yamphamvu ikadzagwa, tidzayende m'dera lathu lino m'magulu, tilembe ndi kujambula momwe madzi akudzera. Zimenezo tikazipereke kwa amfumu ndi a khansala, kuti akamagawa malo azidziwa pofunika kusiya. Nyengo yodzala mitengo imayamba pa 15 Disembala, ndiye mbande zathu za chaka chino tikadzale m'malo omwewo.