Mwana Wophwasula Zinthu Timtani?

 Nkhani imene ndabwera nayo ndi yaing'ono poiyerekeza ndi zimene mwakhala mukukambirana muno, pakuti siikhudza za chuma kapena za malamulo. Ndi nkhani ya pakhonde: ya mwana amene mumampeza atakhala chete, tochi ya atate ake ataimasula, tizidutswa tili mbwee pamphasa. Funso langa ndi ili: kodi mwana ameneyu timtani?

Ndiyambe ndi kudziulula ndekha. Zaka zapitazo ndidali ndi wailesi imene ndidaigula movutikira. Tsiku lina pobwera kuulendo ndidapeza mwana wanga, pamenepo ali wa zaka 9, atatsekula kumbuyo kwake ndi nsonga ya mpeni. Sindidafunse kanthu. Ndidathyola kamtengo, ndipo mlandu udathera pomwepo. Madzulo amai ake adandiuza kuti mnyamatayo ankangofuna kuona kumene mau amatulukira. Wailesiyo sidaonongeke konse, idandilankhulira zaka zina zambiri. Chidaonongeka ndi china: kuyambira tsiku limenelo mwanayo sadandifunsenso funso lililonse la makina, ndipo ine ndinkayesa kuti waphunzira mwambo. Makolo athu adati safunsa adadya phula. Ine ndi dzanja langa ndidaphunzitsa mwana wanga kusafunsa.

Tsono tiyeni tiyang'anitsitse zimene ana athu amachita pamene ife tikuti akungoseŵera. Mnyamata wopinda galimoto ya waya amazindikira msanga kuti mawilo akasiyana kukula galimotoyo imayenda mopendekeka, ndi kuti waya wolumikiza mawilowo ukakhota sazungulira bwino. Woumba ng'ombe zadothi amaphunzira kuti dongo likauma mofulumira padzuŵa limang'aluka, motero maŵa lake amaziika pamthunzi. Wopanga banjo ya chitini amamva ndi khutu lake kuti waya akamangika kwambiri mau amakwera, akakhwepa amatsika. Mtsikana wa kumasanje amadziŵa chifukwa chake mafuwa amakhala atatu, ndi chifukwa chake moto umafuna mpata wa mphepo. Palibe mphunzitsi amene adaŵalembera zimenezi pabolodi. Adayesa, adalephera, adayesanso. Anthu ophunzira kwambiri za sayansi amatsata njira yomweyi, kungoti iwo amalemba zotsatira zake m'buku.

Njira imeneyi si yachilendo pakati pathu. Azungu asanafike, makolo athu ankasungunula chitsulo m'ng'anjo, nasula makasu, nkhwangwa ndi mikondo. Mwana wa wosula ankayamba ndi kupemerera moto ndi mvukuto, wa woumba mbiya ankayamba ndi kuponda dongo, wa woluka malichero ankayamba ndi kupala nsungwi. Mishoni zitafika, nazonso zidalemekeza ntchito ya manja. Tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre chidamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891 motsogozedwa ndi David Clement Scott, amene sadaphunzirepo za mapulani a nyumba, pamodzi ndi anthu a kuno kwathu amene adaumba ndi kuotcha njerwa zake, naphunzira kumanga ntchitoyo ili m'kati. Nyumbayo ilipobe mpaka lero. Ku Khondowe, sukulu imene Robert Laws adayambitsa mu 1894 inkaphunzitsa ukalipentala, kumanga ndi kusindikiza mabuku pamodzi ndi kuŵerenga. Koma m'kupita kwa nthaŵi ife makolo tidayamba kuganiza kuti mwana wanzeru ndi wa cholembera yekha, ndi kuti nyundo ndi macheka ndi za amene alephera mayeso. Pamenepo ndi pamene tidayamba kutenga chidwi cha mwana ngati kupulupudza.

Ambiri a inu mudamvapo za William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu, amene adabadwa mu 1987. Anthu amakonda kusimba mathero a nkhani yake, koma ine ndifuna tione chiyambi chake. Ali wamng'ono, iye ndi mbale wake ankaphwasula mawailesi akale kuti aone chimene chimachitika m'katimo, mpaka adayamba kukonzera anthu mawailesi awo. Ankadabwanso ndi nyali ya njinga: chifukwa chiyani imayaka munthu akamapalasa, nizima akaima? Yankho lake lili m'kachitini kaja kotchedwa dayinamo. M'kati mwake muli maginito ndi waya wamkuwa wokulungidwa. Tayala likazungulitsa kamutu kake, maginito amazungulira pafupi ndi wayawo, ndipo magetsi amatuluka.

Njala ya 2001 ndi 2002 itavuta, banja lake lidasoŵa fizi, ndipo mnyamatayo adaleka sukulu ya sekondale. M'kanyumba kobwereketsa mabuku pasukulu ya pulaimale ya kwawo adapezamo buku lotchedwa Using Energy, limene pachikuto pake padali chithunzi cha makina ozunguliridwa ndi mphepo. Chingerezi chinkamuvuta, choncho ankaŵerenga kwambiri zithunzi. Tsono taonani: zithunzizo zidamulankhula chifukwa manja ake adali atadziŵa kale waya ndi dayinamo. Adaganiza kuti ngati mwendo wa munthu ungazungulitse tayala, mphepo nayonso ingathe. Adatola chokupizira mphepo cha thirakitala padzala la zitsulo. Adang'amba mapaipi a pulasitiki, naŵaongola pamoto kuti akhale mapiko. Poboola ankagwiritsa ntchito msomali wootcha, chigwiriro chake chili chitsononkho. Mu 2002, ali ndi zaka 14, adakweza makinawo pansanja ya mitengo ya bulugamu yotalika pafupifupi mamita 5, ndipo babu lidayaka. Anthu amene ankati wapenga ndi omwe adayamba kudzatchaja mafoni awo pakhomopo. Mu 2007 adakalankhula pamsonkhano wa TED ku Arusha, mu 2009 mudatuluka buku la moyo wake, mu 2014 adatsiriza maphunziro ku Dartmouth College ku America, ndipo mu 2019 nkhaniyi idapangidwa kanema.

Koma pali munthu wina m'nkhaniyi amene ndifuna mumukumbukire koposa, ndiye atate ake. Makina aja ankasoŵa njinga, ndipo njinga imene idalipo idali ya atate akewo. Idali yoonongeka, komabe m'nyumba ya mlimi, chaka cha njala, njinga yoonongeka ndi chuma chimene munthu amayembekeza kudzachikonza. Poyamba adakana. Pambuyo pake adalola, ngakhale sadathe kudziŵa ngati chinthucho chidzayaka. Abale anga, magetsi a ku Wimbe adayambira pa chilolezo chimenechi. Sindikunena kuti mwana aliyense wophwasula tochi adzatchuka. Ambiri sadzatchuka. Koma adzakhala anthu amene mjigo wa m'mudzi ukaonongeka sangopinda manja kudikira mlendo.

Nanga kholo lichite chiyani? Ndikupemphani zinthu zinai, zimene sizifuna ndalama.

Choyamba, mpatseni mwana malo ndi zipangizo. Pangodya ya khonde kapena pansi pa nkhokwe pakhale katoni yake yosungiramo mawaya, zitsekero za mabotolo, timatabwa, machubu akale ndi nsanza. Tochi yakufa, loko wosatsekuka, wotchi yoima, musaziponye kudzala. Mpatseni, nimumuuze momveka kuti ichi nchako, koma wailesi yolankhula ija usaikhudze ine palibe. Mwana amene ali ndi chake chophwasula sabisalira cha atate ake.

Chachiŵiri, musafulumire kuyankha, ndipo musachite manyazi kunena kuti sindidziŵa. Ife abusa ndi akulu tidazoloŵera kukhala ndi yankho la funso lililonse, koma pakhonde pali bwino kunena kuti, “Iwe ukuganiza kuti chavuta nchiyani? Tiye tiyese.” Chinthu chikakanika, musamulande kuti mumalize ndinu. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Chachitatu, mloŵetseni m'ntchito yeniyeni. Pomata chubu cha njinga, iye ndiye amize chubucho m'madzi kuti apeze pamene pakutuluka thovu. Poika khasu pamphini, pofolera denga, posoka thumba, pokonza mbaula, akhale pomwepo ndi kachigawo kake. Pamenepa ndinenetse za atsikana. Kaŵirikaŵiri sipanala timapatsa mnyamata, mtsikana nkumutuma kumadzi. Chonsecho mtsikanayo ndiye amapukusa mjigo tsiku ndi tsiku, ndipo ndiye woyamba kumva ukayamba kulira mwachilendo. Nayenso aone m'kati mwake amisiri akautsekula.

Chachinai, ikani malire, pakuti chilolezo si kulekerera. Magetsi a m'nyumba ali ndi mphamvu ya mavoti 230 ndipo amapha. Mwana asaŵayandikire ndi waya kapena msomali. Batire la galimoto lili ndi asidi wootcha ndi mtovu umene ndi poizoni. Batire la foni likabooledwa kapena kuphwanyidwa limatha kuyaka moto. Wailesi yakanema yakale imasunga magetsi m'kati ngakhale itazimitsidwa. Mwana ayambe ndi mabatire a tochi, mpeni ndi moto azigwira wamkulu ali pafupi, ndipo muzimufotokozera chifukwa cha lamulo lililonse. Kamkwamba mwini, ataona kuti mawaya ake angathe kutentha nyumba, adapanga kachipangizo kodula magetsi ndi misomali, waya ndi maginito. Amene wamvetsa ngozi amadziteteza bwino kuposa amene wangoopsezedwa.

Mwina wina anena kuti zonsezi zidzamchotsa mwana pa mabuku. Ine ndaona zosiyana. Amene adayezapo thabwa sachita mantha ndi masentimita, ndipo amene adayatsapo babu ndi batire amamva msanga mphunzitsi akamajambula njira ya magetsi. Winanso anena kuti ana a masiku ano ali ndi mafoni, safunanso waya. Pamenepo ndiye nkhani yathu ikulirakulira, pakuti foni imapatsa mwana zinthu zopangidwa kale, iye nkumangoonerera. Ngati foniyo ilipo, aonerepo kapangidwe ka chinthu, kenaka aiike pansi nakachipange.

Ndalankhula zimenezi kwa inu chifukwa mumaloŵa m'makomo ambiri kuposa mphunzitsi aliyense, ndipo makolo amamva mau anu. Mukafika pakhomo nkupeza mwana akupinda waya, musangomudutsa polunjika pampando umene akuyalirani. Imani, mufunseni kuti chimayenda bwanji, makolo ake akumva. Mumpingo uliwonse muli akalipentala, atelala, okonza njinga ndi amai oumba mbiya. Apempheni kuti nthaŵi zina azilola ana aŵiri kapena atatu kukhala pambali pawo. Ndipo tiyambe m'nyumba zathu zomwe, pakuti ana a abusa ndiwo amauzidwa kaŵirikaŵiri kuti asadetse zovala.

Mwana wanga uja tsopano ndi bambo. Tsiku lina ndidampepesa za wailesi ija. Iye adaseka, nati adaiŵala kalekale. Ine sindidaiŵale. Wailesiyo italeka kulankhula ndidaisunga, ndipo mdzukulu wanga wamkazi atafika msinkhu womwe uja ndidampatsa, tidakhala pansi tonse aŵiri nkuitsekula. Sitidathe kuikonza. Koma adandifunsa mafunso mpaka dzuŵa kuloŵa, ndipo ambiri mwa iwo ndidalibe yankho lake. M'mera mpoyamba, abale anga. Mukabwerera kwanu, yang'anani m'nyumba chinthu chimodzi chakufa, ndipo muitane mwana.