Mtengo Wobisika wa Buledi: Mau kwa Ophika a m'Midzi

Amai ambiri amene ali ndi uvuni wa njerwa kuseri kwa nyumba amadziwa bwino ndalama zimene amatulutsa pogula ufa, shuga, mafuta ndi nkhuni. Koma ulipo mtengo wina umene sulembedwa m'kabuku ai, ndiwo phindu la cinthu cimene wophika wacisiya kuti apange cina. Ophunzira za cuma amauchula opportunity cost, ndipo mmodzi wa amene anaufotokoza bwino anali Friedrich von Wieser wa ku Austria, m'buku lace la 1914.

Nkhaniyi iyambira pa ufa, pakuti ndiwo wobvuta kupeza. Tirigu wa m'Zambia amalimidwa nyengo yozizira ndi madzi othirira pa mafamu akulu, monga a ku Mkushi, Chisamba ndi Mazabuka, kotero ufa umafika kumudzi utadutsa m'manja ambiri. Suyenera kuphikidwa mwacisawawa.

Mwa citsanzo cabe, mai wina ali ndi thumba limodzi la makilogalamu 25. Akaika theka la kilogalamu pa buledi mmodzi, thumbalo lipereka buledi 50. Akaumba mabanzi a magalamu 50, lipereka mabanzi 500. Cotero buledi mmodzi amadya ufa wa mabanzi 10. Tsono ngati atacotsa zonse zogula buledi amsiyira K6 ndipo banzi limsiyira K1, buledi ali yense wamlanda K10 ya mabanzi ndi kumbwezera K6 yokha. Maiyo asangalala madzulo powerenga K300 ya buledi, osadziwa kuti K500 inali m'thumba lomwelo.

Komatu ciwerengero cimeneci cili ndi malire, ndipo apa ndi pamene ophika ambiri amapunthwa. Banzi lili ndi phindu pokhapo litagulidwa. Ngati ana a sukulu ndi anthu a pa msika amagula mabanzi 300 okha pa tsiku, 200 otsalawo adzauma, nadzadya phindu la anzao. Pamenepo mabanzi 300 atenge makilogalamu 15, ndipo makilogalamu 10 otsala apite ku buledi 20. Buledi ameneyu sanalande kanthu, cifukwa mabanzi amene akadalowa m'malo mwace analibe wogula. Phindu lonse likhala K300 ndi K120, ndiyo K420.

Nthawi zina ufa umakhalapo wambiri koma copelewera ndi nkhuni ndi malo mu uvuni. Apo ciwerengero cisinthanso. Ngati cipaniro cimodzi cinyamula buledi 4 kapena mabanzi 24, ndipo mabanzi apsa kawiri pa nthawi imene buledi apsa kamodzi, ndiye kuti buledi 4 atsekereza mabanzi 48. Buledi mmodzi tsopano alanda mabanzi 12, si 10 ai. Wophika ayambe wadzifunsa cimene cimsowa kweni-kweni tsikulo, ndipo awerenge pa cimeneco.

Ophika ambiri ndi alimi omwe. M'mwezi wa December, pamene udzu wacuruka m'cimanga ndi m'nshawa, tsiku la pa uvuni ndi tsiku limene khasu lagona. Ngati waganyu wopalira afuna ndalama zocepa kuposa zimene uvuni ubweretsa, mai aphike ndi kumlipira. Zikaposa, moto uzime kufikira kupalira kutatha.