Zimene X-ray Imaona ndi Zimene Siiona

[Nyimbo yotsegulira]

 Yakwana nthawi ya zaumoyo, ndipo lero tikamba za kujambula mafupa, kumene kuchipatala amati X-ray.

Mango akayamba kupsa, kuyambira Novembala mpaka Januwale, a kuchipatala amadziwiratu kuti ana ogwa m'mitengo achuluka. Mwana pogwa amatsogoza dzanja, ndipo kawirikawiri fupa limathyokera pamwamba pang'ono pa chigongono. Palinso ngozi za kabaza wa njinga zamoto pa msewu wochokera ku Lumbadzi kupita ku Dowa, anyamata opondana pampira, ndi agogo oterereka pamatope m'dzinja. Onsewa amafika ndi funso limodzi: kodi lathyoka, kapena ndangobinya?

Makina a X-ray amatulutsa kuwala kosaoneka ndi maso. Kuwalako kumadutsa mosavuta pakhungu ndi mumnofu, koma fupa limakutchinga chifukwa muli mchere wa calcium. Kuseri kwa mwendo kapena mkono amaikako mbale yolandira kuwalako. Pamene kuwala kwafika pamada, pamene fupa latchinga pamatsala poyera. Choncho chimene dokotala amayang'ana ndi mthunzi wa fupa lanu. Anatulukira kuwalaku ndi Wilhelm Röntgen, ku Würzburg m'dziko la Germany, pa 8 Novembala 1895. Patapita masabata ochepa anajambula dzanja la mkazi wake, mafupa a zala ndi mphete zonse mbee, ndipo mu 1901 analandira mphoto ya Nobel.

Poti ndi mthunzi, chithunzi chimodzi sichikwana. Fupa lothyoka limene chidutswa chake chasunthira kumbuyo likhoza kuoneka lowongoka bwinobwino mukalijambula chakutsogolo. Mukalijambula cham'mbali ndi pamene kupindikako kumaonekera. N'chifukwa chake wojambula amakutembenuzani kawiri, ngakhale mukubuula ndi ululu. Musamuone ngati wankhanza. Amafunanso kuti mfundo ya m'mwamba ndi ya m'munsi zilowe m'chithunzi. Pakati pa chigongono ndi dzanja pali mafupa awiri. Limodzi likathyoka, linzake nthawi zina limaguluka pachigongono, ndipo amene wajambula pothyoka pokhapo saona kugulukako.

Tsono munthu wavulala pano pa msasa wa othawa kwawo wa Dzaleka, ulendo wake umayenda bwanji? Amayamba kaye pachipatala chaching'ono cha pano, chimene chimathandiza a mu msasa ndi a m'midzi momwe. Akamupima n'kuona kuti pafunika chithunzi, amamulembera kalata yopita nayo ku chipatala cha boma ku Dowa. Kumeneko amene amaona za mafupa ndi orthopaedic clinical officer. Maphunziro a anthu amenewa anayamba mu 1985, woyambitsa wake anali Dr Edward Blair wa ku Canada, ndipo amatenga miyezi 18. M'dziko muno madokotala a opaleshoni ya mafupa ndi owerengeka, kotero mafupa ambiri othyoka m'maboma amawongoledwa ndi kuikidwa chikhakha ndi iwowa. Zikakhala zofuna chitsulo kapena opaleshoni yaikulu, amatumiza ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe, kumene tsopano kuli chipatala cha mafupa ndi ubongo chotchedwa LION. Ana obadwa ndi mapazi opindika kapena olumala mafupa ena amafika mpaka ku Beit CURE ku Blantyre, chipatala chimene chinatsegulidwa mu 2002.

Pali chinthu chimodzi chimene ndifuna anzathu a mu msasa mumvetse. Msasa uno unatsegulidwa mu 1994, ndipo lero muli anthu oposa 50,000, ochokera ku Congo, Burundi, Rwanda ndi mayiko ena. Mzere wa kuchipatala ndi wautali, ndipo wopima ali ndi mphindi zochepa pa munthu aliyense. Ngati Chichewa kapena Chingerezi chimakuvutani, tengani wina womasulira. Mmene munagwera, mbali imene munatsamira, ndi pamene pakupweteka kwenikweni, ndi zimene zimauza dokotala malo oti ajambulitse. Mwana akhoza kuloza bondo pamene vuto lili m'chiuno. Akajambula bondo, chithunzi chituluka chabwinobwino, vuto lili pomwepo. Ndipo ngati munavulalapo kale kwanu, kaya ndi chipolopolo, kaya fupa linathyoka pothawa nkhondo n'kudzilumikizira lokha, nenani. Tizidutswa ta chitsulo timaoneka toyera kwambiri pachithunzi, ndipo chilema chakale chikhoza kusokoneza wowerenga n'kuyesa chatsopano.

[Nyimbo]

Tabweranso, omvera. Tsopano tifike pa zimene X-ray siiona, chifukwa apa ndi pamene ambiri amapwetekera.

Mawu akuti "chithunzi chili bwino" amasangalatsa, koma satanthauza nthawi zonse kuti palibe vuto. Pamfundo ya dzanja, m'munsi mwa chala chachikulu, muli kafupa kakang'ono kotchedwa scaphoid. Munthu akagwa n'kutsamira chikhatho, kafupaka kamang'aluka, koma mng'aluwo ukhoza kusaoneka tsiku loyamba. Umadzaonekera pakapita masiku 10 mpaka 14. N'chifukwa chake dokotala wodziwa amakuikani chikhakha ngakhale chithunzi sichikuonetsa kanthu, n'kukuuzani kuti mudzabwerenso. Bwererani ndithu. Kafupaka sikalandira magazi ambiri, ndipo kakalekereredwa kakhoza kusalumikizana, dzanja n'kukhala likupweteka kwa zaka.

Chachiwiri, ndipo amayi mumvetsere apa. Mwana watentha thupi, akukana kuponda mwendo umodzi, mukamugwira pamsongolo kapena pafupi ndi bondo akulira, koma sanagwe paliponse. Malungo ayezedwa, mulibe. Amenewa akhoza kukhala matenda a mafinya m'kati mwa fupa. Pa sabata yoyamba kapena ziwiri X-ray siionetsa chilichonse, chifukwa fupa lisanadyeke mokwanira mthunzi wake susintha. Pofika nthawi yoti chithunzi chionetse, matenda amakhala atakhazikika kale. Ana a sickle cell amagwidwa nawo kwambiri. Mwana wotere safunika kudikira chithunzi chachiwiri kunyumba, afunika mankhwala msanga. Akachedwa ndi uja mumamuona ali ndi bala pamsongolo lotuluka mafinya chaka ndi chaka, nthawi zina mpaka tizidutswa ta fupa lakufa.

Minyewa, mitsempha yomanga bondo, ndi zofewa zonse za m'mfundo, X-ray siiziona. Mnyamata wapotoka bondo pampira, bondo latupa, likugwedera akamayenda, chithunzi n'kutuluka chopanda vuto. Sananame ayi. Chaduka ndi mtsempha, ndipo umadziwika ndi manja a wopima kapena ndi makina ena otchedwa MRI.

Nanga nyamakazi ya agogo? Kunsonga kwa mafupa kuli chinthu choyera, chofewa, choterera, ngati chija timatafuna pansonga ya fupa la nkhuku. Chimenechi sichioneka pa X-ray, kotero bondo labwino limaonetsa mpata pakati pa mafupa awiri. Chikaperepeseka ndi ukalamba kapena ntchito yolemetsa, mpatawo umachepa, mafupa amayandikana, ndipo m'mbali mwake mumamera timinga ta fupa. Koma chodabwitsa n'chakuti chithunzi ndi ululu sizimayenderana nthawi zonse. Pali agogo a chithunzi choipa amene amakwerabe phiri ndi mtolo wa nkhuni, pali ena a chithunzi chabwinoko amene satha kudzuka pamphasa.

Ana ali ndi zawonso. Kumapeto kwa mafupa awo kuli malo okulira amene sanaume, ndipo pachithunzi amaoneka ngati mzere wothyoka. Makolo ena akaunika chithunzicho padzuwa amayamba kulira, chonsecho ndi chilengedwe. Wowerenga akakayika, nthawi zina amajambula mkono winawo kuti ayerekeze.

Za msana ndinene mosabisa: ambiri amene amaumirira kuti awajambule msana safunika kujambulidwa. Msana wopweteka chifukwa cholima, kuumba njerwa kapena kusenza madzi umapola wokha pakapita masabata ochepa, ndipo chithunzi sichisintha chithandizo. Koma msana ukapweteka kwa miyezi, usiku osagona, munthu akuonda, akutuluka thukuta usiku, miyendo ikufooka kapena pamsana payamba kalinunda, pamenepo thamangani. TB imalowanso m'mafupa a msana, imawadya mpaka kuphwanyika, ndipo X-ray imaonetsa zimenezi. Mankhwala ake alipo, ndipo pa zipatala za boma ndi aulere.

[Nyimbo]

Ena amati X-ray imayamwa magazi kapena imafupikitsa moyo. Magazi siiyamwa. Kuwala kwake kukachuluka kwambiri n'koopsadi, n'chifukwa chake wojambula, amene amagwira ntchitoyi tsiku lililonse, amabisala kuseri kwa khoma. Koma kujambula dzanja kapena phazi kamodzi kumakupatsani mlingo wochepa kuposa umene thupi limalandira m'chilengedwe pa tsiku limodzi. Msana ndi chiuno zimafuna wochulukirapo. Mayi woyembekezera, kapena amene akukayika, anene asanagone pabedi lojambulira. Enanso amaganiza kuti kujambulako ndi mankhwala, akangojambulidwa basi apita kwawo osakaonetsa chithunzi kwa amene anawatuma. Makinawo sachiza chilichonse.

Musananyamuke kupita kuchipatala, mangirirani mkono kapena mwendo ku kathabwa kapena katoni yolimba kuti usagwedezeke, koma osathina. Vulani mphete ndi zibangili dzanja lisanatupe. Fupa likatulukira pakhungu, phimbani ndi nsalu yoyera, musathirepo mankhwala azitsamba, musatemepo mphini, ndipo pitani tsiku lomwelo. Ndikudziwa kuti alipo a kumudzi odziwa kumanga mafupa ndi timitengo, ndipo ena anachiradi m'manja mwawo. Koma iwo saona m'kati. Fupa la mwana limagwirana msanga, pamasabata atatu kapena anayi, ndipo likagwirana mokhota, kuliwongola kumafuna opaleshoni. Pa bondo kapena kakolo, ngati munthu sakutha kuponda n'kuyenda mapazi anayi, ameneyo ndi wofunika kupimidwa.

Nthawi zina mudzafika n'kupeza magetsi azima kapena makina awonongeka. Musabwerere chimanjamanja, pemphani akumangeni chikhakha chogwirizira ndi kukuuzani tsiku lobweranso. Akakuikani chikhakha, yang'anirani zala. Zikachita dzanzi, zikazizira, zikada kapena kuyera, kapena ululu ukamakulirakulira, bwererani nthawi yomweyo ngakhale pakati pa usiku, chifukwa magazi akhoza kukhala atatsekeka. Patsiku limene anakulemberani adzajambulanso kuti aone ngati fupa silinasunthe, ndipo pambuyo pake adzayang'ana fupa latsopano limene limaoneka ngati kamtambo mozungulira pothyoka. Kwa wamkulu, mkono umatenga pafupifupi masabata 6, msongolo miyezi 3 kapena kuposa. Chithunzi choyamba chija musachipinde, musachinyowetse. Chisungeni pamodzi ndi kabuku ka kuchipatala ndipo muzipita nacho ulendo uliwonse, kuti wowerenga ayerekeze chakale ndi chatsopano.

[Nyimbo yotsekera]