Musazule Luni m'Dimba

Mwezi wa Novembala nkhokwe zambiri zimakhala zitapepuka. Akuluakulu mukukumbukira cilala ca 1992, ndipo ana athu anaona ca 2024. Zaka zotere dimba ndilo limasunga banja.

Za madzi mukuzidziwa kale: mabedi akhale olowa pansi, muthiremo manyowa owola, muphimbire ndi udzu wouma, ndipo muzithirira m'mamawa kapena madzulo. Koma repu ndi kabici zimavutika ndi kutentha ndiponso nsabwe nyengo ino. Ndiye lero ndifuna tiyang'ane zomera zokha.

Mvula yoyamba ikagwa, musathamangire khasu. Onani masamba ndi maluwa. Comera ca masamba ogawika pasanu ngati zala, ca maluwa oyera, ndi luni. Ca kaduwa kacikasu pakati, cimene njere zake zimamatirira ku zovala, ndi cisoso. Zonsezi ndi ndiwo, pamodzi ndi bonongwe, ndipo sizifuna ndalama ya mbeu. Ine ndinalimirapo luni bedi lonse ndili mnyamata. Agogo anandiseka mlungu wathunthu.

Thyolani nsonga kawirikawiri kuti luni aphukire, ena mufutse. Koma siyani mitengo isanu kapena isanu ndi umodzi icite maluwa. Zikhokombe zikauma, sungani njere m'botolo louma lothira phulusa.

Pali duwa lina lofiira, lozungulira ngati mpira, limene limatuluka m'mithunzi masiku omwewa. Ndi lokongola, koma tsinde lake lapansi, looneka ngati anyezi, ndi lapoizoni. Uzani ana asamalikumbe.